Ine, Apongozi ndi Mbuzi pa Njira ya ku Chiromo

Anyamata a masiku ano akakhala pakhonde la sitolo amati boma la Chikwawa linakula chifukwa cha thonje ndi azungu. Akunena zimene sanaone. Ine Zuze, amene mumamva mawu anga kumsika musanaone nkhope, ndinalipeza boma lino lili ndi mbendera, ndende, ndi Mmwenye mmodzi wogulitsa nsalu ndi mikanda. Ndipo sindinabwere kudzakhala ayi. Ndinkangodutsa, mbuzi pachingwe, apongozi anga ali m'mbuyo. Zilembo ndaziphunzira ndevu zitayera kale, ndiye pamene dzanja lapunthwa mudumphepo, koma nkhaniyi ndi yoona.

Kwathu ndi ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Ndinachokako ndili mnyamata, ndikusenza katundu wa azungu kupita kumtunda. Ku Kasisi ndinaona Nachuma akusinja mapira, basi umtengatenga wanga unathera pomwepo. Ife Asena timatenga mkazi kupita naye kwathu. Amang'anja satero: mwamuna ndiye amasamuka, nakalima munda wa apongozi. Ndinakhala mkamwini zaka zambiri. Khasu lawo, nkhokwe yawo, ngakhale mwana wanga Ganizani ankati ndi wawo. Changachanga chimene ndinali nacho chinali Chiromo, ndipo ndinkachinena. Pamowa, pamaliro, popirikitsa mbalame m'mapira. Sitima zapamadzi zoima mondondozana padoko, masitolo oyang'anizana, nyumba ya bambo anga ya chitseko chathabwa pansi pa mtengo wa mango. Mlatho wa njanji anaumanga ine nditachoka, ndinangoumva kwa apaulendo, koma ndinkaufotokoza ngati zitsulozo ndinakhoma ndine. Zinazo sindinkanama. Ndinazisiya choncho.

Chaka china, nkhondo ya Jeremani isanayambe, ndinapempha chitengwa, ndiye kuti andilole kutenga mkazi ndi mwana kupita nawo kwathu. A Kampira, atsibweni a Nachuma, amene anali mwini mbumba, anafwenkha fodya nati, "Mwana wa eni sapita kumene maso athu sanafike. Tiyeni tikaoneko kaye."

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka mawu a apongozi. "Achimwene, auzeni alendo anuwo kuti wobereka ndine. Maso anu inu amaona mowa basi. Ndipita nawo."

Ana a lero mvetsani apa. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana. Mukakumana panjira, iwe umalowa m'thengo ngakhale muli chitedze. Osadyera pamodzi, osalankhulana, mawu onse amadzera mwa munthu wina. Zaka zonsezo nkhope ya apongozi anga ndinkaidziwa ngati mmene munthu amadziwira mwezi ali m'nyumba. Ndiye taganizani, ulendo wonse wa ku Chiromo ndi munthu woteroyo. Tinapangana kayendedwe: ine patsogolo ndi mbuzi yaikazi yakuda imene ndinkapita nayo kwa bambo, a Kampira pakati ngati mkamwa mwathu, apongozi m'mbuyo ndi dengu la kamba.

Tinafika ku Chikwawa dzuwa lisanafike pamutu. Mesenjala wa chisoti chofiira anatiimitsa, akuti bwana akuweruza milandu, chiweto sichidutsa kutsogolo kwa ofesi mpaka atamaliza. Tinakhala pansi pa mtengo. Ine ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Ofesi yaudzu. Nyumba ya bwana pamwamba pa gomo loyang'ana mtsinje. Tinyumba ta asikari tofoleredwa mwaulesi. Akaidi akusadza tchire.

"Boma lake ndi limeneli?" ndinatero. "Ku Chiromo zimenezi ndi makola a nkhuku."

Mesenjala anabwera msanga. "Iwe wa mbuzi, mawu akowo akulowa mu ofesi. Bwana akufunsa ngati kwabwera mlandu wina."

"Ndikunong'ona," ndinamuyankha, ndipo zinali zoona.

Milandu itatha anthu anatuluka gulu, mbuzi inadzidzimuka nithawira kuminga. A Kampira, pofuna kuonetsa unyamata, anaithamangira. Mbuzi anaigwira, koma munga wa mthethe unawalowa pachidendene mpaka kuthyokera momwemo. Pofika mawa lake phazi linali ngati dzungu. Mwayi wake, msuweni wawo wina anali atamanga kansakasa kuseri kwa ndende, akugulitsa milamba yowamba kwa asikari. Tinakhala pamenepo kudikira phazi.

Kudikira kunandipweteka kuposa kuyenda. Tsiku lililonse a Kampira ankayesa kuponda, nkukhalanso pansi akutukwana mbuzi. Ine ndinkakhala kumbali ina ya nsakasa, apongozi kumbali ina, ndipo mthunzi ukasuntha tonse tinkasuntha mozungulira ngati ana osewera chibisalirano. Ndinkaonerera anthu akuumba njerwa za ofesi yatsopano nkumawauza kuti ku Chiromo njerwa zotere amapondapo abakha. Apongozi sankakhala pansi. Ndinkawaona chakumbali akupita kumapeto kwa gomo kukasuzumira mtsinje pansi, akufunsa amayi kumene amatunga madzi, akufukula dothi ndi chala cha phazi. Ndinkati mumtima: munthu wakumudzi, akudabwa ndi makola a nkhuku, nanga akakaona Chiromo adzakomoka.

Pamapeto pake a Kampira anati, "Sizitheka. Bwererani kumudzi, tidzapita dzinja likatha."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Dzinja likatha kudzakhala kukolola, kukolola kukatha kudzakhala maliro, ndinkawadziwa Amang'anja. Koma popanda a Kampira panalibe wotilankhulira. Pamenepo ndinamva apongozi akutsokomola kuseri kwa nsakasa.

"Mbuzi iwe," anatero, "auze eni akowo kuti ine sindinakazinge chimanga kuti ndikadyere pakhomo panga. Mawa tilawire."

Ndinayang'ana mbuzi. Inali ikutafuna chingwe.

"Mbuzi," ndinatero, "uwauze kuti ndamva."

Umo ndi mmene tinayendera chigwa chonse. Ine patsogolo, chingwe chachitali, mbuzi, kenako mpata wabwino, kenako apongozi. Njira inali ya fumbi lotentha loti phazi silikhalitsa pansi. Nthawi ya chakudya iwo ankaika gawo langa patsamba m'mbali mwa njira, nkutsokomola, nkupita kuseri kwa mlambe. Ine ndinkatola nkupita kuseri kwa mlambe wina. Pamene panali mlambe umodzi wokha tinkagawana, uku ndi uku, mbuzi itamangidwa pakati.

Mtsinje wa Mwanza tinaupeza uli mchenga wokhawokha. Anthu anali atakumba dzenje pakati, madzi akutuluka pang'onopang'ono ngati misozi ya munthu wosafuna kulira, ndipo patsogolo pathu panali gulu la amtengatenga a thonje. Tinadikira mpaka mithunzi inatembenuka. Pamenepo ndi pamene tinakumana ndi mayi wina wogulitsa mchere wotcheza m'dothi, wamfupi, wa mano atatu ndi pakamwa posatseka. Anandimva ndikuti, "Mbuzi, uwafunse ngati amwa kaye iwo," ndipo anatula mtolo wake.

"Bambo inu, mbuziyi munaikwatira kapena munaibereka?"

Asanayankhidwe anamva mawu kumbuyo: "Mbuzi iwe, auze amwe okha, ine ndili nawo m'chikho."

Mayi uja anatembenuka, anayang'ana apongozi, anayang'ana ine, nakhala pamchenga kuseka. "Ndaona ankhoswe ambiri ine, koma wa nyanga ndi woyamba."

Anayenda nafe mpaka kufupi ndi kwa Ngabu, ndipo anatipumitsa, chifukwa mawu athu ankadzera mwa iye. Koma ankawathira mchere. Ine ndikati afunseni ngati atopa, iye ankakuwa kuti, "Mayi, akuti mwakalamba, akusenzeni?" Tsiku lolekana naye ankhoswe athu anamubwezera. Tikupuma, mbuzi inaboola mtolo umodzi wa mchere ninyambita mpaka pakati. Mayiyo analira ngati wafedwa, ndipo zinatha pamene apongozi anamupatsa nsomba zouma za m'dengu, ife nkutenga mtolo wonyambitidwawo.

Kwa Ngabu tinapeza amuna ochokera kumunsi atakhala pamthunzi. Atamva kumene tikupita, mmodzi anati, "Ku Chiromo? Mukatengako chiyani, udzudzu? Chiyambire njanji katundu amangodutsa pamwamba. Madzinso anaphwa, sitima sizifikako bwino."

Ndinaimirira. Ndinamufunsa ngati anabadwira kumeneko, ngati anaonapo sitima ndi maso ake kapena anangoona mtondo wa amake ukuyandama. Ndinalankhula mpaka nkhuku zinachoka pamthunzipo. Munthuyo anangoti, "Chabwino, achimwene, mukaona." Kuchokera pamenepo miyendo yanga inayamba kulemera, koma pakamwa ndinawonjezera. Ndinauza mbuzi za nyali za padoko, za Amwenye ovala zoyera, za mango a bambo.

Ku Bangula tinauona mlatho. Unalipodi, wachitsulo, wautali kuposa mmene ndinkanenera, ndipo chifuwa changa chinatukumuka. Mlonda wake anati munthu atha kuwoloka sitima ikakhala kutali, koma chiweto ayi. Apongozi anasuzumira mipata ya pakati pa matabwa, madzi akuoneka pansi.

"Mbuzi iwe, ine sindine nyani."

Ndiye tinatsikira kugombe kukafuna bwato, limene kwathu timati mwadiya. Mwini wake anali atapita kukamwa uchema, mowa wa migwalangwa uja, ndipo tinamudikira theka la tsiku, ntchentche zikutizunza. Atabwera anayang'ana mbuzi nati malipiro ake ndi imeneyo. Ndinamulankhula Chisena kuti adziwe kuti sindine mlendo. Anati nkhabe, ndiye kuti ayi, Chisena sichipalasa bwato. Tinakangana mpaka anavomera fodya wanga wopota ndi mchere uja. Anaununkhiza, nayang'ananso mbuzi, koma analandira.

Kenaka anaona mmene taimira, wina uku wina uko, nazindikira.

"Apongozi ndi mkamwini? Baba, mwadiya wanga ulibe kuseri."

Tinakonza chonchi: apongozi anakhala chakumbuyo atandifulatira, mbuzi pakati, ine kutsogolo. Ndikanangokhala pansi bwenzi nkhaniyi palibe. Koma ndinali mwana wa pamadzi wobwerera kwawo, ndipo ndinafuna kuti anthu a padoko andione nditaimirira ndi mponda m'manja, ndikukankha bwato. Kuti manja amasuke, chingwe cha mbuzi ndinachimanga m'chiuno, pamfundo pomwe pa nsalu yanga. Masiku amenewo ndinalibe kabudula. Nsalu imodzi yoyera, imene Nachuma anaichapa ndi phulusa kuti ndikalowe nayo kwathu ngati munthu.

Madzi anali ataphwadi. Tisanafike tsidya bwato linakhala pamchenga. Mwini bwato anati tikankhe. Nthawi yomweyo sitima ya pamtunda inatulukira pamlatho nilira. Ine ndemwe ndinali ndisanamvepo kulira koteroko. Mbuzi inadumpha ngati yaponyedwa. Ndinagwa chagada m'madzi, mfundo inamasuka, ndipo podzuka ndinaona mbuzi ikusambira kulowera kugombe ikukoka chingwe, nsalu yanga ikupita yokha ndi madzi kulowera ku Nsanje.

Ndinakhala pansi m'madzimo mpaka m'khosi.

Mwini bwato anayamba ndi kuseka, kenako anasiya. "Baba, tulukani. Pano pali ng'ona, dzana yatenga galu."

"Pitani nawo mayiwo tsidya, mubwere ndi nsalu."

"Mwadiya wakhala pamchenga. Ndikankha ndi yani?"

Ndikunenetsa pano, ndinali nditasankha ng'ona. Munthu amene kwa zaka zonse sanaonetse apongozi ake ngakhale mano, aimirire pamaso pawo mmene anabadwira? Ng'ona ikanangondidya kamodzi. Zinazi zikanandidya pamowa uliwonse wa ku Kasisi mpaka imfa.

Apongozi anali chifulatirebe. Ndinawaona akutembenuza mutu kufuna mbuzi, koma mbuzi inali kale kugombe ikudya bango. Panalibe wotuma. Mwini bwato anali mlendo, wauchema m'mutu. Kenako apongozi anamasula nsalu yawo yapamwamba, yakuda ija tinkaitcha biriwita, naitambasulira kumbuyo osacheuka.

"Bambo a Ganizani," anatero, "tulukani. Ng'ona sidziwa za ulemu. Mwana wanga sindinamulerere umasiye."

Anali mawu oyamba kundiuza ine mwini. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinavalira m'madzi momwemo, ndipo tinakankha bwato.

Ndinalowa mu Chiromo nditavala nsalu ya apongozi anga, yonyowa, yonunkha utsi wa kukhitchini kwawo, ndikukoka mbuzi. Za mudziwo sindinena zambiri. Padoko panali sitima imodzi yogonera m'mbali pamchenga, akakowa atatera pamwamba. Masitolo ena anali otseka, udzu utamera pamakhonde. Anthu analipo, koma onse nkhope zinaloza kusiteshoni, mtsinje ataufulatira. Ndinapita kumene kunali kwathu. Mango kunalibe, nyumba kunalibe, ngakhale malo ake kunalibe. Ruo anali atadya gombe lonselo, pamene ndinabadwira pakuyenda madzi.

Nkhalamba ina yaikazi yoanika nsomba inandiyang'anitsitsa. Ndinaifunsa za bambo, koma mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wodwala.

"Mwati yani? Kwezani mawu." Kenako inandizindikira. "Ndiwe Zuze? Zuze amene ankadzutsa doko lonse? Mawu wasiya kuti, mwanawe? Nanga nsalu ya akaziyi?"

Inandiuza kuti bambo anamwalira chaka chimene madzi anatenga nyumba, ndipo abale anga anatsata ntchito ya njanji, ena ku Nsanje, ena kumtunda. Uthenga anatumiza, koma sunandipeze. Apongozi anali ataima poteropo ndipo anamva zonse. Anapita okha kukafunsa kumene kuli manda, nanditsogolera, ine mwana wa pamudzipo ndikutsata mlendo. Pamanda anagwada, anawomba m'manja, anauza bambo kuti mdzukulu wawo dzina lake ndi Ganizani ndipo amayenda kale. Ine ndinangoima ndi chingwe.

Pobwerera tinawoloka ndi bwato lomwelo, ine nditakhala pansi. Njira yonse sindinalankhule, ngakhale kwa mbuzi. Kwa Ngabu ndinalambalala mthunzi uja. Nkhalamba ya ku Chiromo inali itandipatsa chiguduli cha thumba, koma chinali chosakwana, ndiye biriwita inakhalabe m'chiuno mwanga. M'mutu munali chinthu chimodzi: chitengwa chatha, Nachuma sapita kulikonse, ndipo apongozi akangotsegula pakamwa ku Kasisi, ine ndidzakhala mkamwini wa nsalu mpaka adzukulu.

Ku Chikwawa tinapeza a Kampira akuyenda ndi ndodo, atanenepa ndi milamba ya msuweni wawo. Panali anthu, asikari awiri ndi amayi ogula nsomba. Anayang'ana m'chiuno mwanga, kenako mbuzi imene inayenera kutsala kwa bambo.

"Nanga nsaluyi? Nanga Chiromo mwachiona?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nsalu ndinawapatsa ine, yawo inapita ndi madzi powoloka," anatero apongozi. "Bambo awo tawapeza atamwalira, tagwada pamanda. Chiromo ndachiona. Mlatho ulipo, wachitsulo, monga ankanenera. Koma ndi kutali, ndiponso mtsinje umadya nyumba. Mwana wanga sapita kumeneko."

"Ndiye nkhani yatha," anatero a Kampira. "Abwerere kumunda."

"Sinathe. Munthu wafedwa, kwawo kulibe, mukufuna akhalenso wa khasu la eni mpaka liti? Amange pano. Si kwathu, si kwawo. Ndaona pamene amatunga madzi, ndipo Shire sangakwere gomo ili. Ine ndikalawira mmawa ndifika nkhuku zisanalowe pamthunzi."

A Kampira anatsegula pakamwa, apongozi nkuwonjezera, "Inunso mudzapeza podyera milamba." Anatseka.

Mbuzi ndinaimanga pachitsa chakumadzulo kwa nsakasa ija, ndipo pomwepo ndinazika nsanamira yoyamba. Nachuma ndi Ganizani anabwera mvula isanagwe. Ndinayamba ndi kuwotcha njerwa zomwe ndinkazinyoza zija. Kenako anabwera wina wothawa kwa Apwitikizi ndi mkazi wake, namanga pafupi nane. Anabwera mkamwini wina amene anamenyana ndi alamu ake. Msirikali wobwera ku nkhondo amene anapeza mkazi atakwatiwa. Mayi wa mchere uja naye anadzakhazikika, ndipo mpaka imfa yake ankandipatsa moni wofunsa ankhoswe. Sikelo ya thonje inabwera itapeza ife tilipo kale, msika unayambira pamene amayi athu ankayala nsomba, Amwenye anachuluka poona utsi wa nyumba zathu. Azungu anabweretsa mbendera, sindikana. Koma mudzi uno tinaudzaza ndife anthu amene tinalibe kopita nawo akazi athu.

Biriwita ija ndinaichapa ndi kuitumiza kudzera mwa Nachuma. Inabwerera tsiku lomwelo. Akuti nsalu imene wavala mkamwini sibwerera m'chiuno mwa apongozi. Nachuma anaberekera ana athu ena mpaka inatha. Iye mwini ankadziwa zoti nsalu yanga inapita ndi madzi, basi. Za kukhala m'madzi mpaka m'khosi, za mawu anga othawa pamaso pa nkhalamba, sanamve kwa amake, ndipo palibe wa ku Kasisi anandisekapo. Apongozi atabwerera ku mwambo wawo sanandilankhulenso mwachindunji. Akabwera kudzacheza, mawu ankadzera mwa Nachuma, ndipo Nachuma akapita kumadzi ankadzera mwa ana a mbuzi ija.

Anamwalirira m'nyumba mwanga muno, atakalamba kwambiri, atabwera kudzafuna mankhwala kuchipatala cha boma. Mmawa wake ndinayenda mzere wonse wa masitolo, pamene kale panali tchire la akaidi, kufuna biriwita yeniyeni yakaleyo. Ndinaipeza kwa Mmwenye wokalamba uja, pansi pa nsalu zamaluwa. Amayi osambitsa maliro anati mkamwini salowa. Ndinaima pakhomo, ndinawapatsira nsaluyo kuti awafunditse, ndipo sindinatume munthu. Amene analipo amati mawu anga anamveka mpaka ku ofesi, ndipo ndinamalizira ndi zikomo wa kwathu, wa Chisena.

"Amayi, nsalu yanu iyi. Ndine Zuze. Takhuta."